Udzu ngwaulere, nanga kilo ikudulira chiyani?

Loweruka lapitali ndinaima pa butchala ina mumsika wa pa boma pano pa Mangochi, ndalama ili m'manja, maso ali pa sikelo. Mayi anali atandituma hafu. Mukudziwa kale mmene zimakhalira: umatchula hafu, mwini butchala amayamba watema fupa, kenako n'kuponyapo kamnofu ngati akukuchitira chifundo. Ndili chiimire choncho foni inalira. Anali msuweni wanga wa ku Joni, watumiza chithunzi pa WhatsApp. Kapaketi ka nyama m'shopu ina ku Johannesburg, pamwamba atalemba kuti grass-fed, kutanthauza kuti ng'ombe yake inakulira udzu wokhawokha. Mtengo wake unali woposa wa nyama inzake yomwe inali pambali pake. Pansi pa chithunzicho analemba kuti, "Aise, kumudziko mukudya za mabwana osadziwa."

Ndinaseka, kenako ndinafunsa mwini butchala uja. "Achimwene, kodi ng'ombe imeneyi inkadya chiyani?" Anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. "Udzu. Mumafuna izidya mpunga?"

Funso linandigwira pamenepo, ndipo ndayenda nalo sabata yonse. Ngati ng'ombe yathu imadya udzu womera wokha kudambo, wosathira feteleza, wosagula ku shopu, bwanji nyama yake imaluma m'thumba chonchi? Ndipo tinayamba liti anthu a kunyanja kudandaula za mtengo wa nyama ya ng'ombe? Pakuti anganga anga, amene anakulira m'mbali mwa Malombe, sindinawamvepo akudandaula za zimenezi. Iwo ankati nyama ya ng'ombe ankailawa mwina kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo ankanena zimenezi mopanda chisoni, ngati mmene munthu anganenere kuti sanakwerepo ndege.

Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Dera lino silinakhalepo dziko la ng'ombe. Sindikunena kuti kunalibiretu, ayi, koma munthu wamba wa kwa Mponda, kwa Makanjira kapena kwa Nankumba chiweto chake chinali mbuzi, nkhosa ndi nkhuku. Choletsa chachikulu chinali kachilombo kakang'ono, kashembe. Ntchentche imeneyi imakonda tchire lotentha la m'zigwa, imayamwa magazi a nyama zakutchire, ndipo ikaluma ng'ombe imaisiyira matenda. Njati kapena nguluwe imayenda nawo matendawo bwinobwino, koma ng'ombe imaonda, maso kulowa, mpaka kugwa. Amishoni a ku Scotland atafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima yawo ya Ilala, Robert Laws ali m'gululo, adaona malo okongola ndi doko labwino. Pofika 1881 anali atasamukira ku Bandawe. Timakumbukira kwambiri za malungo amene adadzaza manda aja, koma pa madandaulo awo padalinso nthaka yosabereka ndi kashembe yemweyu. Mzungu wa nthawi imeneyo popanda mkaka ndi ng'ombe yokoka ngolo ankaona ngati moyo waima.

Palinso nkhani ya chikhalidwe. Kumpoto, ndi kwa anzathu a ku chigwa cha Shire, ukwati umayenda ndi malowolo, ndiye ng'ombe imachoka khola ili kupita khola ilo, banja lililonse limafuna likhale nayo. Kuno kwa Ayao ndi Anyanja mwamuna ankapita chikamwini, kukamanga nyumba ndi kulima kwa mkazi. Palibe ankamufunsa ng'ombe. Chuma cha mafumu akuluakulu a Chiyao chinali pa malonda a ku gombe la nyanja ya mchere: minyanga ndi akapolo kupita, nsalu, mikanda, mfuti ndi onga kubwera. Ng'ombe zambiri zinali kumtunda kozizira, kwa Angoni a Gomani ku Ntcheu ndi Dedza. Nazonso sizidakhale pamtendere, chifukwa asilikali a Britain atapha Gomani mu 1896 adalanda ziweto za anthu ake.

Atsamunda atakhazikika, mwina mungaganize kuti kashembe adachepa. Zidatembenuka. Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, umene udafika ku Karonga mu 1892 n'kupulula makola a Angonde, udaphanso njati ndi nyama zina zakutchire m'maiko ambiri a kuno, ndipo kwa kanthawi kashembe adasowa poyamwa. Koma nyama zidaswananso, pamene anthu anali atalandidwa mfuti ndipo kusaka kudayamba kufuna chiphaso. Tchire lidabwerera, nyama zidachuluka, kashembe naye adafalikira m'chigwa cha kumtunda kwa Shire ndi m'mbali mwa nyanja. Fort Johnston, dzina la tauni yathu ino kuyambira 1891 mpaka lidasinthidwa kukhala Mangochi mu 1971, linali doko la sitima za pa nyanja, koma katundu wambiri ankayenda pamitu ya amtengatenga chifukwa ng'ombe zokoka ngolo sizinkalimba m'njira. Katswiri wina wa tizilombo, W. A. Lamborn, adakhala zaka zambiri pa Fort Johnston akulimbana ndi ntchentche imeneyi. Adayesa mpaka kuweta timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'ana a kashembe n'kutitayira m'tchire. Kashembe sadathe. Chidadzamuthamangitsa m'malo ambiri ndi khasu ndi nkhwangwa, anthu atachuluka n'kugwetsa tchire. Lero watsalira makamaka m'nkhalango zotetezedwa ngati ya Liwonde.

Taonani mmene zidamukhalira munthu wa kumudzi m'zaka zimenezo. Ng'ombe sangawete. Mphoyo kapena mvuu sangaphe momasuka, makamaka lamulo la zosaka litakhwimitsidwa mu 1926. Koma sadagone ndi nsima yopanda ndiwo, chifukwa khola lake lenileni linali m'madzi.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa nkhani ya ng'ombe kuno sungaimvetse osayang'ana m'bwato. Kuyambira cha m'ma 1915 madzi a nyanja ya Malawi adatsika kwambiri moti Shire adasiya kutuluka, ndipo Malombe adasanduka dambo, anthu n'kumalima pamene lero pali madzi. Mu 1935 madzi adakweranso, Shire adayamba kuyenda, Malombe adadzaza. Malombe ndi nyanja yosaya, yofunda, ya chakudya chambiri, ndipo chambo chidaswana mmenemo mosaneneka. Anganga ankasimba kuti mwana akapita kudoko n'kuthandiza kukoka khoka, ankabwera ndi nsomba zokwana banja lonse, osalipira kanthu. Mlendo akafika sunkagwira nkhuku, unkatuma mwana kunyanja. Chambo chowamba, kampango, mlamba, utaka, mcheni. Munthu wodya zimenezi tsiku ndi tsiku angasirire bwanji fupa la ng'ombe?

Ena adaona ndalama m'madzi omwewo. M'zaka za m'ma 1930 abale a banja la Yiannakis, Agiriki, adayamba usodzi wa makoka akuluakulu kufupi ndi Fort Johnston, n'kumatumiza nsomba pa malole ku Blantyre, ku Zomba, ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, mpaka ku Salisbury. Mafumu ndi asodzi a kuno adadandaula kuti nsomba zikupita kutali pamene eni nyanja akuyang'ana. Dziko litalandira ufulu bizinesi imeneyi idapita m'manja mwa Malawi Development Corporation mu 1968, n'kukhala Maldeco imene tikuidziwayi, ndipo pambuyo pake idatengedwa ndi Press Corporation. Ngakhale zinali choncho, nsomba zidakwanabe. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pa chaka, ndipo pa ndiwo zonse za nyama zimene dziko linkadya, gawo lalikulu linali nsomba. Amenewo ndi masamu a dziko lonse, kuphatikizapo anthu a ku Mchinji amene nyanja sadaionepo. Nanga wa ku Chimwala kapena ku Makawa ankadya zingati?

Nthawi yomweyo boma linali ndi mapulani ake pa ng'ombe, koma sanali a ife. Anali a m'tauni. Mu 1957 kudayambika ulimi wonenepetsa ng'ombe m'khola: mlimi amatenga ng'ombe zofula ziwiri, kuzitsekera, n'kumazipatsa madeya, mapesi ndi masangwi a mtedza kwa miyezi ingapo, kenako kuzigulitsa. Ulimi umenewu udakula m'madera ozungulira Blantyre ndi Lilongwe. Wogula wamkulu anali Cold Storage, kampani ya boma yokhala ndi malo ophera ng'ombe m'mizinda iwiriyi, ndipo mitengo inkaikidwa ndi boma potsata giredi. Ya m'khola, yonona ndi madeya, ndiyo inkapeza giredi yapamwamba n'kukathera m'mahotela ndi m'nyumba za mabwana. Ya kudambo, yoyenda mtunda tsiku lonse, ya mnofu wolimba wofuna nkhuni zambiri, inali ya anthu wamba.

Ndiye msuweni wanga akamati tikudya za mabwana, mbiri ikumutsutsa pang'ono. Kwathu kuno bwana ankafuna ng'ombe yodya za m'thumba. Kumene iye aliko zinthu zidazondoka chifukwa chimanga cha ziweto n'chochuluka. Nyama yambiri ya ku South Africa imachokera m'makola onenepetsera, ndipo khola limodzi lokha la Karan Beef ku Heidelberg limasunga ng'ombe zoposa 100,000 nthawi imodzi. Ku America njira imeneyi idakula nkhondo yachiwiri itatha. Ng'ombe yodya chimanga imafika pa sikelo msanga, ndiye nyama yake imatsika mtengo, ndipo ya udzu, yochedwa kukula, imasanduka yapadera. Ife zimenezi timazidziwa bwino, koma pa nkhuku. Ya chikuda yongodzitolera pabwalo imadula kuposa yoyera ya masabata asanu ndi limodzi, ndipo apongozi akabwera umadziwa yoti ugwire.

Zaka za m'ma 1990 ndi pamene zinthu ziwiri zidagwa pamodzi. Choyamba ndi nsomba. Mu 1982 ku Malombe kudaphedwa chambo choposa matani 8,000. Patangopita zaka khumi sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Maukonde a nkacha a maso ang'onoang'ono adakokolola pansi pa nyanja, kuzula udzu wa m'madzi momwe chambo chimaswanirana, kutenga ndi ana omwe. Kudatsala kambuzi. Mu 1993 boma lidayambitsa makomiti a m'madoko, ma Beach Village Committee, kuti asodzi eni ake azilondera nyanja, koma chambo cha ku Malombe sichidabwererenso mmene chinalili. Kummwera kwa nyanja yayikulu nakonso chidachepa, ndipo chotsalacho chidaphunzira kukwera galimoto. Lero chambo chabwino chikatuluka m'madzi pa Makawa chimapezeka chamangidwa kale pa galasi la galimoto yopita ku Blantyre, mwana wa mlovi amene wachikoka akudyera bonya.

Chachiwiri ndi ng'ombe. M'zaka za m'ma 1980 dziko lino linali ndi ng'ombe zoposa 800,000, anthu ali pafupifupi 8 miliyoni. Kenako boma lidachepetsa ndalama zothandizira madibi, alimi adauzidwa kuti azisonkha okha za mankhwala, ndipo madibi ambiri adauma. Mukayenda m'midzi mudzawaona, maenje a simenti odzaza zinyalala, ana akusewerapo. Nkhupakupa zidasangalala. Pambuyo pa 1994 umbava wa ziweto udakula moti alimi ena adagulitsa makola athunthu kuopa kugona panja ndi chibonga. Cold Storage idagulitsidwa kwa anthu abizinesi, boma lidasiya kuika mitengo, ndipo kwacha idasiyidwa kuti iziyandama yokha mu 1994. Ng'ombe zidachepa nthawi yomwe anthu a kunyanja, nsomba zitawathawa, adayamba kusuzumira ku butchala.

Ine ndikuona kuti kudandaula kwathu kudabadwa pamenepa. Nyama ya ng'ombe sinakhalepo yotchipa kwa munthu wa ku Mangochi. Kungoti kale sankaifuna.

Tsopano za udzu waulere uja. Ng'ombe yathu ya chikuda, ya linunda ija, ndi yolimba ku matenda ndi dzuwa, koma ndi yaing'ono ndipo sithamanga kukula. Pa udzu wokha imatenga zaka zinayi kapena zisanu kuti ifike pophedwa. Imanenepa dzinja, n'kubweza thupi lonselo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, udzu utauma kapena utapsa ndi moto wa osaka mbewa. Chaka chilichonse imakwera masitepe atatu n'kutsika awiri. Yaikazi sibereka chaka ndi chaka. Ikaphedwa, nyama yopachika pa mbedza imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake ili moyo. Zaka zisanu zonsezo pali mnyamata woweta amene ayenera kudya, pali mankhwala, pali chindapusa ikalowa m'munda mwa eni, pali usiku wosagona. Ndipo mwini wake saiona ngati ndiwo. Ndi banki yake. Amagulitsa pakagwa maliro, fizi ikavuta, kapena feteleza akafunika, osati chifukwa choti inu mwalakalaka siteki.

Udzuwonso ukutha. Mu 1998 boma la Mangochi linali ndi anthu pafupifupi 610,000. Kalembera wa 2018 adapeza oposa 1.1 miliyoni. Madambo amene anali msipu lero ndi madimba a tomato ndi mpunga, gombe lidagawidwa mapuloti a malo ogona alendo, ndipo njira zimene ng'ombe zinkadzera popita kukamwa madzi zina zidatsekedwa ndi mipanda ya njerwa. Kashembe adachoka, inde, koma malo amene adasiya sadadikire ng'ombe. Tidakhalapo ife.

Ng'ombe zachulukanso m'dziko muno, zidadutsa 1 miliyoni kalekale, koma anthu tinali 17.5 miliyoni mu 2018 ndipo tikuonjezekerabe. Msika wa nyama kuchigawo cha kummwera umadalira kwambiri Chikwawa ndi Nsanje, ndiye chilichonse chogwa kumeneko chimamveka pa sikelo ya kuno. Kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma limaletsa kutulutsa ziweto, ogula a ku Blantyre amatembenukira maboma ena, mtengo n'kukwera ponseponse. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 adakokolola ziweto zambirimbiri. Onjezerani kwacha: idagwetsedwa mu Meyi 2012, idagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ng'ombe sidziwa dola, koma lole yoinyamula imamwa dizilo, mankhwala ake amachokera kunja, ndipo mlimi woigulitsa akuwerengera matumba a feteleza.

Ndiye tifike pakhomo. Mu Febuluwale 2024 boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pa mwezi, imene ndi K3,461 pa tsiku. Chaka chotsatira adakwezedwa kufika K126,000. Ngakhale pamenepo, thukuta la tsiku lathunthu siligula kilo imodzi. Ndipo amenewo ndi olembedwa ntchito. Wa kabaza, wa ganyu, mlovi wodikira mwera kuti uleke, masamu awo ndi ena. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likagula kilo, ndi chakudya cha masana ndi madzulo basi, pamene ndalama yomweyo pa bonya, nyemba kapena soya pisi ingayende masiku angapo. Palinso makala, chifukwa ng'ombe ya kudambo siipsa ndi moto wa masewera.

Amayi athu adapeza njira zawo kalekale, ndipo ine ndimaziona ngati luso, osati umphawi chabe. Sagula kilo, amagula hafu kapena kota, n'kuiduladula tizidutswa towerengeka, msuzi wambiri, mbatata kapena kabichi mkati kuti poto aoneke wodzaza. Pogawa, chikombe chimadziwa mwini fupa. Ena amapita ku zam'kati, chifu ndi matumbo, kapena mang'ina ophika usiku wonse. Anyamata ambiri nyama ya ng'ombe amakumana nayo pa chiwaya, kachidutswa kamodzi kothira tsabola, kudya chiimire, kunyumba osanena. Nyumba zimene zimagula kilo yathunthu mosaphethira nthawi zambiri mumazidziwa: za malata atsopano, mwana ali ku Joni.

Ndipo pali tsiku limodzi pa chaka pamene mbiri yonseyi imakhala ngati yapuma. Pa Idi ya nsembe, ya Qurbani, Asilamu amazinga ziweto, ndipo chiphunzitso chimalola anthu asanu ndi awiri kusonkherana ng'ombe imodzi. Nyama imagawidwa, ina ya pakhomo, ina ya abale ndi anansi, ina ya osowa. Mabungwe achifundo, ena ndi ndalama zochokera kunja, amagula ng'ombe zambiri n'kugawa m'midzi. M'boma ngati lino, lomwe Asilamu ndi ochuluka, pali mabanja amene nyama ya ng'ombe amaidya mokhuta tsiku limenelo lokha, ndipo jumbo imadutsa mpanda kufika kwa mnansi wopemphera kwina. Ndikaganiza bwino, ndi mmene anganga ankaidyera: pa chikondwerero, pa sadaka, pa ukwati. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo mawa lake ankabwerera ku chambo.

Chambocho chilipo, musandimve molakwa. Mukakwera bwato kufupi ndi Maldeco mudzaona zikwere zikuluzikulu zoyandama pamadzi, zimene kampaniyi idayamba kuika m'zaka za m'ma 2000. Mkati mwake muli chambo choweta, chotsekeredwa, chodikira munthu abwere ndi thumba la chakudya chopangidwa ndi chimanga ndi soya. Ndinamuyankha msuweni uja kuti kuno zinthu zidasinthana malo: ng'ombe ikudzitolera yokha kudambo, nsomba ndiyo ili m'khola kudya za m'thumba. Anatumiza tinkhope toseka titatu, kenako n'kufunsa ngati mayi alandira ndalama ija.

Hafu ija ndinafika nayo. Mayi anaitsegula, kuitembenuza, kuchotsa fupa n'kuliyeza m'manja. "Amwene, mwagula nyama kapena mwagula chigayo cha galu?" Ndinati ndi mmene zilili kumsika. Anaika poto pa mbaula cha m'ma 3 koloko, ndipo tinadya 7 itadutsa. Tinalipo asanu ndi awiri, ndipo aliyense anapeza ziwiri, kupatula mlongo wanga wamng'ono amene anapeza zitatu chifukwa ndi amene anakupiza moto. Lamulungu m'mawa mayi anathira madzi ndi tomato pa msuzi wotsala, n'kunditumanso kumsika kukagula bonya wa mulu umodzi.